Makwerero a Ada Longwe

Esinati, Wezi ndi iwe Yotamu, za kubadwa kwanga ku Dowa ndi za sukulu imene ndinalekezera panjira sindichulukitsa mawu, poti munazimva kambirimbiri. Pano ndikufuna ndilembe za ntchito imene inakulerani, ndi za munthu amene anandiphunzitsa ntchitoyo, agogo anu Ada Longwe. Inu munawadziwa atakalamba, ali pampando. Ine ndinawadziwa ali pamwamba pa denga.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980

Ndinafika ku Chintheche pa lole ya kontilakita, nditakhala pamwamba pa matumba a simenti, ndili mnyamata wosakwatira. Kampaniyo inkamanga nyumba za aphunzitsi, ndipo ine anandilemba kuti ndizikanda matope, kutunga madzi ndi kuponyera amisiri njerwa. Kapitawo wathu anali a Mbewe, munthu wamfupi koma wa mawu aakulu, amene ankaganiza kuti khoma limakwera msanga omanga akamatukwanidwa. Chitonga sindinkachimva ngakhale moni, kondowole, nsima yawo ya chinangwa, ankandilemera m'mimba, ndipo kutentha kwa kunyanja kunkandifooketsa. Makoma atafika m'mawindo simenti inatha. Tinadikira lole, osabwera. A Mbewe anakwera basi kuti akafunse ku ofesi, ndipo mpaka lero sindinawaonenso. Anzanga anabalalika mmodzimmodzi, koma ine ndinachita manyazi kubwerera ku Dowa chimanjamanja, choncho ndinayamba kuyendayenda kufunafuna ganyu.

Tsiku lina ndikulowera cha ku Bandawe ndinaona jekete ndi tayi zitakolekedwa bwinobwino pa nthambi ya mango. Mwini wake anali pamsonga pa denga la nyumba yakale, atavala ovolosi, miyendo uku ndi uku, akuphwasula mutu wa chumuni. Anandilankhula m'Chitonga, ine n'kungoti kakasi. Kenaka anatembenuza lilime.

"Iwe mnyamata, waima ngati mtengo wa telefoni bwanji? Taponya njerwa izo kuno."

Kuponya njerwa ndiye ndinkakudziwa. Ndinaponya imodziimodzi, zonse zikufikira m'manja mwawo.

"Kwanu n'kuti?"

"Ku Dowa, bambo."

"Kuno kulibe bambo, kuli Ada. Mawa ulawire, Dowa."

Kuyambira tsiku limenelo dzina langa la Kamwendo linatha ntchito. Kwa iwo ndinali Dowa basi, ndipo m'mudzi monse anatengera pomwepo.

Chimene chinkandizunguza mutu masiku oyambawo chinali kuchuluka kwa machumuni kudera lotentha chonchi. Nditawafunsa anaseka mpaka kutsokomola. "Dowa, ukuganiza kuti Atonga amamanga chumuni chifukwa cha kuzizira? Munthu akapita ku Halale kapena ku Joni, pobwera amamanga chumuni kuti wodutsa pamsewu adziwe kuti mwini nyumba anayenda." Kenaka anasiya kuseka. Anati ambiri mwa amuna amene anamanga nyumbazo anabwereranso kunja, osadzaonekanso, ndipo m'nyumbamo munatsala akazi awo. Ndi amayi oterewa amene ankatiitana kawirikawiri. Mwera ukayamba mu Juni ankasonkha moto pamalo pamene amuna awo anawasiyira, ndipo chumuni chikang'aluka sankagona tulo. Sikuti ankaopa kugwa kwa njerwa kokha ayi.

Zaka za kusowa kwa simenti

Chumuni cha kunyanja chili ndi adani ambiri. Mvula ya ku Nkhata Bay imalowa pamutu n'kumadya dothi la pakati pa njerwa. Mwera umachikankha chaka ndi chaka mpaka chimayamba kupendekera. Mbalame zimasiya njere za kachere pamwamba, kamtengo n'kumera, mizu yake n'kung'amba khoma ngati mphanda. M'kati tinkapezamo njuchi, mileme, nthawi zina kadzidzi, ndipo tikapeza kadzidzi Ada Longwe ankandiletsa kuuza mwini nyumba, kuopa kuti angayambe kuganizira anansi ake. Anandiphunzitsa kugogoda njerwa ndi chogwirira cha chipande chomangira n'kumva ngati kumbuyo kwake kuli mphako. Anandiphunzitsa kuti chinsinsi cha chumuni chili pakhosi, pamene utsi umapanikizika usanakwere: pakakula utsi umabwerera m'nyumba, pakachepa moto umazima. Tikamaliza ntchito ankasonkha udzu wouma, kundituma panja kuti ndikaone, iwo n'kufuula ali m'kati, "Ukutuluka bwanji?" Ndikati ukutuluka bwino ankakwiya. "Bwino ndiye kuti chiyani? Ukuima kapena ukukwawa?"

Panali zaka zimene simenti inkasowa kotheratu. Ukamva kuti yafika pa sitolo ina, pofika umapeza yatha. Amisiri ena anasiya ntchito n'kulowa usodzi. Ife tinkakumba dothi la pachulu, kulisefa, kulisakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, n'kumangira njerwa mmene ankachitira akale. Kasimenti kochepa kamene kapezeka tinkakasungira pamutu pa chumuni pokha, pamene mvula imamenya. Bambo wina wa ku Limphasa, mlimi wa mpunga, atationa tikukanda dothi anakalipa kuti sanaitane owumba mbiya. Ada Longwe anavala jekete lawo mwakachetechete n'kunena kuti, "Yewu, Ada, simenti ikapezeka mudzaitane amene mukuwafuna." Tisanafike pamsewu bamboyo anatithamangira.

Makwerero athu anali amodzi okha, aatali, amene Ada Longwe anakhoma okha ali mnyamata. Ankawapaka oyilo wakuda wa galimoto kuti chiswe chisawadye, ndipo sankalola kuti munthu abwereke. Poyenda tinkanyamula awiri, iwo kutsogolo ine kumbuyo, kuyambira ku Chintheche mpaka kulikonse kumene kwagwa ntchito. Nkhani zathu zambiri tinkakambirana choncho, ine ndikuona msana wawo wokha. Ngakhale za amayi anu ndinaziyamba tili pansi pa makwerero omwewo. Ndinali nditawaona Nyalongwe, mwana wa Ada Longwe, akubweretsa chakudya kuntchito, ndipo mtima unali utapita kale, koma kuyang'anana ndi bambo awo maso ndi maso n'kunena zimenezi sindikanatha. Nditalankhula anati, "Nkhani zotere sakambira kumsana. Utume anthu." Ine ndinalibe wachibale kuno, ndipo anali iwo omwe amene anandipezera mkulu wa mpingo woti andiimire.

Zaka za m'ma 1990

Malo ogona alendo atayamba kuchuluka m'mbali mwa nyanja, ntchito yathu inasintha. Kumeneko ankafuna machumuni a kukhitchini, mauvuni ophikira buledi, ndi ng'anjo zotenthetsera madzi osamba alendo. Mamanijala ambiri anali ochokera kummwera ndi pakati, ndipo poti Chichewa changa chinali cha kwawo, ankalankhula ndi ine, Ada Longwe ataima pambali. Manijala wina, mayi wa ku Blantyre, anafika pondifunsa pamaso pawo kuti, "Madalawa mumawatengeranji?" Ndinayankha kuti madalawo ndiwo eni ntchito, ine ndine wantchito wawo. Pobwerera Ada Longwe sanatchule za nkhaniyo. Anangoti khitchini ya mayiyo anaimanga moyang'ana kumene kumachokera mphepo, ndipo utsi udzawavutitsa mpaka kalekale.

M'zaka zomwezi ndinayamba kuona zinthu zimene sindinkafuna kuziona. Munthu amene ankadziwa kupendekera kwa khoma ali patali anayamba kupapasa chingwe ndi zala. Mzere wa njerwa unkathawa pang'ono chakumapeto. Ndikawaponyera njerwa kuchokera kumanzere ankaiphonya, ndiye ndinayamba kuponyera kumanja kokha osanena kanthu. Iwo akapita kukapuma ndinkawongola mizere yawo dothi lisanaume. Ndikhulupirira kuti ankadziwa, chifukwa mmisiri amazindikira dzanja la mnzake, koma tonse tinkakhala ngati palibe chikuchitika. Amayi anu anawanyengerera mpaka tinapita nawo kuchipatala ku Mzuzu. Tinkayembekeza kuti ndi ng'ala, yoti angochotsa. Adokotala anatiuza kuti si ng'ala, ndi matenda ena amene amadya diso kuyambira m'mbali, ndipo chimene chapita sichibwerera. Anawapatsa mankhwala odontheza n'kuwauza kuti asamakwerenso pamwamba. Tili m'basi Ada Longwe anandiuza kuti, "Dokotala uja ndi mwana. Sanakwerepo denga."

Chumuni cha Nyamanda

Chaka chotsatira, mvula itangosiya, tinaitanidwa ndi Nyamanda, mayi wamasiye wa kufupi ndi Bandawe. Chumuni cha nyumba yake chinali chachitali kuposa zonse za m'deralo, ndipo anachimanga ndi Ada Longwe iwo eni, asanakwatire n'komwe. Kachere anali atamera pamutu, mng'alu utatsika mpaka pa malata. Panafunika kuphwasula chigawo chonse cha pamwamba n'kumanganso. Ndinawapempha kuti iwo azikanda dothi pansi, ine ndikwere. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Chumuni ichi ndinachimanga iwe usanabadwe. Ukudziwa chimene chili m'kati mwake?"

Tinamanga nsanja ya matabwa pambali pa chumuni n'kukwera tonse awiri. Tsiku loyamba linadutsa bwino. Lachiwiri, dzuwa lili pamutu, anachotsa njerwa n'kutembenuka kuti aiike pathabwa kumanzere kwawo, pamene panalibe thabwa. Njerwa inapita pansi, iwonso thupi linatsatira. Ndinawagwira lamba wa ovolosi ndi dzanja limodzi, lina nditakumbatira chumuni, ndipo mpaka lero sindidziwa mphamvuzo zinachokera kuti. Njerwa ija inaphwanya beseni limene Nyamanda ankasenderamo chinangwa. Mayiyo anali atangodzuka kumene kukathamangitsa mbuzi. Tinakhala pansanjapo tikupuma mwawefuwefu. Ndipo Ada Longwe anati, "Thabwa ili unaliika lalifupi, Dowa." Thabwalo linali lokwanira, koma ndinavomera.

Madzulo ake ndinawafotokozera amayi anu zonse. Analira, kenaka anandiuza mawu amene sindinawaiwale.

"Mukawatsitsa padenga mwawapha. Adada alibe munda, alibe bwato, sadziwa kukhala pansi."

"Nanga ndikawasiya? Mawa akagwa, kapena njerwa ikagwera munthu, ndidzati chiyani kwa Ama, amayi ako?"

"Auzeni alongo anga a ku Joni, awalankhule ndi iwo."

"Alongo ako ali kutali. Amene amakwera nawo ndine."

Ndinapita kunyumba kwa Ada Longwe dzuwa lisanalowe, ndinakhala pansi monga mkamwini, n'kuwapempha mwaulemu wonse kuti apume. Ndinati dzina la ntchito likhalabe lawo, chilichonse azilamula ndi iwo, ine ndikhale manja awo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anafunsa ngati mchenga watsala wokwanira, n'kunditsanzika. Ndinabwerera kunyumba ndikuganiza kuti mwina amva.

M'mawa ndinawapeza afika kale kwa Nyamanda, jekete lili pamtengo, ovolosi atavala. Pakhomopo panali Nyamanda, amayi ena awiri amene ankamuthandiza kuviika chinangwa, ndi asodzi amene ankasoka ukonde pansi pa mango. Ndikanakonda pakanakhala popanda anthu. Ada Longwe anayenda kupita pa makwerero, ine n'kuima kutsogolo kwawo, nditagwira mbali zonse ziwiri.

"Tapatuka, Dowa."

"Ada, lero simukwera."

"Wati chiyani?"

"Simukwera, Ada. Lero, ngakhale mawa."

Asodzi aja anasiya kusoka. Ada Longwe analankhula motsitsa mawu, moti ndinamva ndine ndekha. "Ndinakutola pamsewu ulibe ndi nsapato zomwe. Ndinakupatsa chipande, ndinakupatsa mwana wanga. Lero ukundichititsa manyazi pamaso pa akazi?"

"Zonsezo n'zoona, Ada. Koma simukwera."

Akanandimenya ndikanapepukidwa. Koma anangoima, akundiyang'ana ndi maso awo ofooka aja, kenaka anakweza mawu kuti aliyense amve.

"Makwerero awa ndi a yani?"

"Ndi anu, Ada."

"Ndiye ndipatseni makwerero anga, a Kamwendo."

Ndinatsitsa makwererowo n'kuwagoneka pansi. Anavula ovolosi, kuvala jekete, kumanga tayi mosafulumira, n'kusenza makwererowo paphewa okha. Anali olemera, oyenera anthu awiri, ndipo mbali yakumbuyo inkakhukhuluzika pansi. Ndinathamanga kuti ndigwire kumbuyoko monga mwa masiku onse. Osatembenuka anati, "Asiyeni." Ndinaima pamenepo ndikuwaona akupita, makwerero akulemba mzere mumchenga. Nyamanda anabwera pafupi nane n'kunena kuti, "Mwachita bwino, mwana wanga," koma iyenso ankapukuta misozi ndi chitenje. Tsiku limenelo sindinagwire ntchito. Ndinakadula mitengo ya bulugamu n'kukhoma makwerero ena, ndipo chumunicho ndinachimaliza ndekha.

Zaka za m'ma 2000

Apa ndi pamene inu mukukumbukira. Munkadabwa chifukwa chimene agogo anu ankasekera nanu koma ine ndikafika n'kukhala chete. Sanandithamangitse pakhomo pawo, sanandinenere zoipa kwa anthu. Ankandilonjera mwaulemu ngati mlendo wochokera kuboma: "Mwe uli, a Kamwendo?" Ndikayamba kufotokoza za ntchito ankatembenukira kwa Ama, agogo anu aakazi, n'kufunsa za nkhuku. Gawo lawo la pa ntchito iliyonse ndinkapereka kwa Ama mobisa, chifukwa iwo sakanalandira. Makwerero aja anawagoneka kuseri kwa nyumba, osawapakanso oyilo, ndipo chiswe chinawadya mpaka anasanduka dothi. Maso a Ada anapitirira kuzima. Thupi lija linali lolimba ngati mlombwa linayamba kuchepa pampando. Zimene ananena amayi anu zinkachitika ndikuona, ndipo panyumba pathu nkhaniyi tinkaizemba, chifukwa tikaiyamba tinkagona osalankhulana. Amayi anu sananenepo kuti ndinalakwa. Sananenenso kuti ndinakhoza.

Ine ntchito inkandiyendera, koma inali itasanduka ntchito chabe. Nyumba za machona zinkagulidwa kapena kugwa, ana awo akumanga zamakono zopanda chumuni. Ndikamaliza kukonza chumuni ndinkasonkha udzu, kuthamangira panja kukaona utsi, n'kubwereranso m'nyumba ndekha. Eni nyumba ankandiseka.

Zinatha zaka zambiri choncho. Chaka chimene Esinati anakwatiwa, Ada Longwe anadwala chifuwa chimene sichinamve mankhwala, ndipo anawatulutsa m'chipatala kuti akakhale kunyumba. Masana ena ndinapita kukawaona. Ama anali atawagoneka pamphasa pakhonde, poti m'nyumba munkatentha. Ndinapereka moni n'kukhala chapatali monga ndinazolowera. Patapita nthawi anatembenuzira nkhope kumene kunali ine.

"Chumuni cha Nyamanda chija, munachimaliza bwanji pamutu?"

Ndinayang'ana Ama, iwo n'kundikodola kuti ndiyankhe. Ndinasendera pafupi. Ndinafotokoza mmene ndinazulira mizu ya kachere, mmene ndinaphwasulira mpaka pansi pa mng'alu, ndi mmene ndinapezera kachitsulo kopingasa m'kati mwa khosi, kamene sindinakaonepo m'chumuni china chilichonse.

"Munakachotsa?"

"Ayi, Ada. Ndinakabwezera pomwepo."

"Kanali ka njanji. Mwamuna wa Nyamanda anabwera nako kuchokera ku Halale m'sutikesi." Anaseka, chifuwa n'kuwagwira. Chitawasiya anafunsanso, "Nanga mizere yotulukira kunja pamutu, munaika ingati?"

"Itatu."

"Itatu ndi matama. Iwiri ikanakwana."

"Mvula ya kuno, Ada."

"Mvula ya kuno ndinaidziwa inu musanabwere. Iwiri."

Tinakangana za mizere imeneyo ngati tili padenga. Kenaka anafunsa za nyumba ya mlimi wa ku Limphasa uja, ngati dothi lathu likugwirabe. Anafunsa za uvuni wa kusukulu ina, za khoma la tchalitchi limene tinalichirikiza. Nyumba iliyonse ankaikumbukira, mbali imene inayang'ana, ndi mtundu wa njerwa zake. Ama anabweretsa tiyi, anazizira osamwedwa. Za tsiku lija kwa Nyamanda sanatchule, inenso sindinatchule. Ndinafuna kupepesa, koma ndinasowa chopepesera, chifukwa akanati abwerere pa makwerero aja ndikanaimanso kutsogolo kwawo. Atatopa anatseka maso. Ndikudzuka kuti ndizipita anagwira mwendo wa buluku langa.

"Mawa mubwerenso. Simunandiuze za khitchini ya mayi wa ku Blantyre uja, ngati utsi unawaleka."

Utsi sunawaleke, ndipo njira yonse yobwerera kunyumba ndinkakonza mmene ndidzawafotokozere kuti aseke. M'mawa ndinayamba ndapita kukamaliza kapulasitala kena pa Chintheche, kuti masana onse ndikakhale nawo mosathamanga. Ndikuyandikira mudzi wawo ndinakumana ndi anyamata a mpingo atasenza mabenchi, akulowera kumene ndinkapita.

Manda awo ndinamanga ndine. Alamu anga ochokera ku Joni ankafuna kuitana mmisiri wa ku Mzuzu wodziwa matailosi, koma Ama anakana. Amayi anu anakananso kuti wina atunge madzi, ankatunga okha, ndowa pamutu, kuchokera kuchitsime mpaka kumanda. Tinagwira ntchitoyo awiriwiri. Nditaika njerwa yomaliza anatula ndowa, anayenda kuzungulira mandawo akuyang'ana mizere mmene ankachitira bambo awo, n'kukhala pansi pafupi nane mumchenga.

"Munawapatsa zaka zonsezi za moyo," anatero. "Sanazifune, koma ife tinazifuna."

Tinakhala pomwepo mpaka simenti inayamba kugwira, kenaka tinatolera zida n'kubwerera kunyumba kukakuphikirani.